Kalozera wa mneni wa Chingerezi “enter”: kwawo, matanthauzo ake ndi kagwiritsidwe ntchito kake

Tsiku lina m'mawa ndili m'chipinda cha aphunzitsi kuchonga ntchito ya ana, ndinamva kugogoda pachitseko. Anali mtsikana wa Fomu 2, atanyamula mulu wa makope a anzake, zala zili mbuu ndi choko. Anapinda mawondo pang'ono n'kunena kuti, “Madam, may I enter in?” Ndinamulola. Atatula makopewo ndinamufunsa zomwe akananena chikanakhala Chichewa, ndipo anati, “Ndimati ndilowe nawo, madamu.” Mwanayu sanali wofooka m'kalasi ayi. Anangotsata zimene anauzidwa kuchokera ku pulayimale, zoti “enter” ndi kulowa, basi. Komatu m'kachiganizo kameneka munali zinthu ziwiri zimene mwini Chingerezi sakanalankhula: “in” uja anali wosafunika, ndipo “enter” weniweniyo sanali woyenera pakhomo ngati limenelo.

Mneni ameneyu timakumana naye tsiku lililonse: pafoni, pamakina otapira ndalama kubanki, pafomu yofunsira ntchito, pachipata cha dziko, ngakhale m'nkhani za kukhoti. Munthu amene anangoloweza kuti “enter” ndi kulowa amakhoza pena n'kuphonya pambiri. Njira imene ndayala pansipa ndi imene ndimadutsamo ndi ophunzira anga. Konzani kope limodzi, cholembera, nyuzipepala ya Chingerezi ngakhale yakale, ndi dikishonale yotanthauzira Chingerezi m'Chingerezi chomwe, makamaka yokhala ndi ziganizo zachitsanzo.

Choyamba, dziwani kwawo kwa mneniyu

Musalumphe gawo lino poganiza kuti ndi mbiri chabe. Zolakwa zambiri zimatha zokha munthu akadziwa kumene mawu anachokera.

Chingerezi chimene chinkalankhulidwa ku England zaka 1,000 zapitazo chinalibe “enter”. Pofuna kunena za kulowa ankati “ingan”, kulumikiza “in” ndi “gan”, lomwe ndi kholo la “go” wa masiku ano. Polowera ankati “ingang”. Amene munakhalako ku South Africa mwina munaonapo mawu akuti “Ingang” pakhomo la nyumba zina, m'chilankhulo cha Afrikaans, ndipo Ajeremani amalemba “Eingang”. Onsewa ndi a banja limodzi, ndipo mdzukulu wawo m'Chingerezi cha lero ndi “go in”.

Zinthu zinasintha mu 1066. William, wolamulira dera la Normandy kumpoto kwa France, anawoloka nyanja ndi asilikali ake, nagonjetsa Mfumu Harold pankhondo ya ku Hastings pa 14 Okutobala. Tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho anavekedwa ufumu ku Westminster. Kuchokera pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, Chifalansa ndicho chinali chilankhulo cha kunyumba yachifumu, cha eni malo ndi cha akuluakulu a boma, pomwe anthu wamba ankalankhulabe Chingerezi chawo kumunda ndi kumsika. Mawu zikwizikwi a Chifalansa analowerera m'Chingerezi m'nyengo imeneyi, ndipo pofika cha m'ma 1300 mneni wa Chifalansa “entrer” anali atayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi ngati “entren”.

Afalansawo nawonso anachita kulandira. “Entrer” anachokera ku Chilatini “intrare”, ndipo “intrare” ndi wapachibale ndi “intra”, kutanthauza m'kati. Apa ndiye pagona nkhani. Mneniyu anabadwa ndi “m'kati” wake kale, ali nayo m'mimba. Mukanena “enter” mwanena kale kuti kupita m'kati.

Pali kanthu kena m'mbiriyi kamene ndimakonda kuwauza ophunzira. Mu 1362, nthawi ya Mfumu Edward III, nyumba ya malamulo ku England inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, chifukwa anthu ankazengedwa milandu osamva zimene owaimira ndi oweruza akunena. Lamulolo linalembedwa m'Chifalansa, ndipo linati ngakhale milandu izikambidwa m'Chingerezi, izilembedwa m'mabuku a khoti m'Chilatini. Mawu amene anagwiritsa ntchito ponena za kulemba m'mabukuko ndi “entrer” yemweyu. Ndiye kuti tanthauzo la kulemba chinthu m'kaundula silinabwere ndi kompyuta ayi. Ndi lakale zaka zoposa 600.

Lembani mizere iwiri patsamba loyamba la kope lanu. Woyamba: “enter” ali kale ndi m'kati. Wachiwiri: “enter” anafika m'Chingerezi kudzera kunyumba yachifumu, kukhoti ndi muofesi, ndipo mpaka lero amamveka wa kumeneko. Magawo onse otsatirawa akutsamira pa mizere iwiri imeneyi.

Chachiwiri, chotsani “in” ndi “into” pamene mukunena za malo

Chichewa chathu chimatikakamiza kuika “mu” polowa malo: kulowa m'nyumba, kulowa m'kalasi, kulowa m'tchalitchi. Lilime likazolowera choncho, polankhula Chingerezi limafunafuna poika “mu” uja, ndipo zotsatira zake ndi “enter in the house” kapena “enter into the classroom”. Chingerezi cha lero sichitero. Malo amatsatira mneni mwachindunji popanda mperekezi: “She entered the house.” “They entered Zambia through Mchinji.” M'chiganizo chachiwirichi “through” akungonena njira imene anadzera, koma pakati pa “entered” ndi “Zambia” palibe kanthu.

Abale athu a ku Angónia ndi ku Tete amakokedwa kawiri pankhaniyi. Chipwitikizi chilinso ndi “entrar”, wochokera ku “intrare” yemweyo, koma icho chinasunga mperekezi: amati “entrar na sala”. Chifalansa nachonso chimati “entrer dans”. Chingerezi ndicho chinamutaya mperekeziyo ponena za malo, choncho wodziwa Chichewa ndi Chipwitikizi ayenera kusamala koposa.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji kutchalitchi timamva “enter into” akamawerenga za kulowa m'nyumba kapena mu ufumu? Funso limeneli n'lomveka. Baibulo la Chingerezi la King James, la mu 1611, lili ndi “enter into” wambiri, chifukwa nthawi imeneyo kalankhulidwe kameneka kanali kovomerezeka. Ndi Chingerezi chabwino cha zaka 400 zapitazo. Koma mukachiika m'kalata yofunsira ntchito kapena m'chimangirizo cha mayeso, wochonga adzadula mzere pansi pake.

Chimene chimathandiza ophunzira anga ndi kuwakumbutsa kuti Chichewa nachonso chili ndi kulowa kopanda “mu”. Timati kulowa ntchito, kulowa usilikali, kulowa chipani, kulowa ufumu. Palibe amene amati kulowa m'usilikali akamakamba za mnyamata amene walembedwa kumene. Tengani kalankhulidwe kameneka, kamene mukukadziwa kale, ndipo mukagwiritse ntchito pa “enter” aliyense wonena za malo.

Chachitatu, dzifunseni: akulowa kapena akulowetsa?

Gawo limeneli ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene eni Chingerezi alibe. Chilankhulo chathu chili ndi msintho wa aneni. Kulowa n'kwina, kulowetsa n'kwina, ndipo khutu limasiyanitsa lokha. Chingerezi chilibe msintho woterewu, choncho “enter” mmodzi yemweyo amasenza ntchito zonse ziwiri. Mukakumana naye m'chiganizo, yesani kumumasulira ndi kulowa. Zikakana, yesani kulowetsa kapena kulembetsa. Nthawi zambiri chiganizo chimamasuka pomwepo.

Taonani pakashopu kotumizira ndi kulandirira ndalama pafoni. Agogo afika ndi kafoni kawo ka mabatani, katakulungidwa pansonga ya chitenje. Wothandiza wadinadina, kenako wawabwezera foniyo ili ndi mawu akuti “Enter PIN”, n'kutembenuzira nkhope kumbali kuti asaone. Sanena kuti lowani. Amati, “Agogo, lowetsani pini yanu.” Mnyamata ameneyu wamasulira molondola kuposa madikishonale ena: agogo sakupita kulikonse, chikulowa ndi nambala.

Kulowetsa kumeneku kuli ndi nthambi zingapo, ndipo ndi bwino kuzidziwa padera.

Nthambi yakale kwambiri ndi ya kulemba m'buku kapena pafomu. “Enter your name in block letters” akutanthauza kuti lembani dzina lanu m'zilembo zikuluzikulu. Mlembi wa gulu la banki m'khonde akamalemba masheya a sabata m'kaundula, m'Chingerezi tinganene kuti “she enters the amounts in the book”. Onani kuti apa “in” wabwera, ndipo ali pamalo pake, chifukwa akusonyeza pamene chinthu chalembedwa. Mzere uliwonse wolembedwawo umatchedwa “entry”. Amene munaphunzira zowerengera ndalama mukudziwa “double entry”, njira yolemba malonda aliwonse kawiri, mbali yolandira ndi mbali yopereka. Njirayi ankagwiritsa ntchito amalonda a ku Italy, ndipo Luca Pacioli ndiye anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494.

Nthambi ina ndi ya kukhoti, ndipo imasokoneza owerenga nyuzipepala ambiri. “The court entered a plea of not guilty” sizikutanthauza kuti khoti lapeza munthuyo wosalakwa. Zikungotanthauza kuti khoti lalemba m'mabuku ake kuti woimbidwa mlanduyo waukana, ndipo mlandu ukupitirira. Ndaonapo anthu akuyamba kusangalala atawerenga mawu amenewa onena za m'bale wawo, pomwe mboni zinali zisanayambe n'komwe kuperekera umboni. Chimodzimodzi “judgment was entered against him”: chigamulo chomugwetsa chalembedwa m'kaundula wa khoti. Apa mukuona kuti lamulo lija la mu 1362 likumvekabe.

Palinso kulembetsa mpikisano kapena mayeso. “She entered the competition” ndiye kuti iye mwini walowa nawo mpikisano. “The school entered her for the competition” ndiye kuti sukulu yamulembetsa. Mneni ndi mmodzi, koma m'chiganizo choyamba mtsikanayo akulowa, m'chachiwiri akulowetsedwa. Wolowa mpikisanoyo amatchedwa “entrant”.

Nthambi yatsopano ndi ya kompyuta. Batani lalikulu lakumanja lija, limene aphunzitsi a kompyuta amati dinani enta, limauza makina kuti ndamaliza kulemba, landira zimene ndakupatsazi. Pamakompyuta a Apple batani lomweli limalembedwa “return”, ndipo pa ena pali kamuvi kopindika koloza kumanzere. Izi zinachokera ku taipilaita. Amene munaionapo ikugwira ntchito m'maofesi akale mukukumbuka: pepala linkakulungidwa pachogudubuza chimene chinkasendera kumanzere chilembo chilichonse chikamenyedwa, kabelu n'kulira mzere ukatsala pang'ono kutha, mlembi n'kukankha chogwirira ndi dzanja lamanzere kubwezera chogudubuzacho poyambira, pepala n'kukwera mzere umodzi. Kubwezera kumeneko ndiko “return”. N'chifukwa chake batanili lili ndi ntchito ziwiri lero: mu Word limayambitsa ndime yatsopano monga taipilaita, pomwe mu Excel kapena pofufuza pa Google limapereka zimene mwalemba.

Chachinayi, ngati akulowa, onani chimene akulowacho

Mukatsimikiza kuti nkhani ndi ya kulowa, yang'anani dzina limene latsatira mneni. Likakhala malo enieni, monga chipinda, mzinda kapena dziko, palibe chovuta. Likakhala ntchito, sukulu kapena gulu, tanthauzo ndi kuyamba kukhala m'modzi wa anthu a kumeneko: “enter politics” ndi kuyamba ndale, “enter university” ndi kuyamba maphunziro a kuyunivesite, osati kungodutsa pageti. Kusiyana kwa “enter university” ndi “enter the university” kumagona pa “the” ameneyo: wachiwiriyu angathe kunenanso za mlendo amene wangolowa pamalopo.

Likakhala nthawi, tanthauzo ndi kufika m'gawo lina la chinthu chimene chikupitirira. Atolankhani amalikonda kwambiri: “The strike has entered its third week.” Ife timati sitiraka yafika sabata yachitatu. Likakhala “mind” kapena “head”, ndiye za maganizo, ndipo kawirikawiri chiganizo chimakhala chokana: “It never entered my mind” ndi kunena kuti sindinaziganizepo n'komwe.

Amene mumaphunzira masewero a zisudzo a Chingerezi mudzapeza “Enter” ali koyambirira kwa mzere, dzina la munthu lili pambuyo, monga “Enter the king”. Limeneli ndi langizo kwa ochita sewero kuti apa mfumu ilowe pabwalo. Mnzake ndi “Exit”, mawu a Chilatini chenicheni otanthauza kuti akutuluka, ndipo otuluka akakhala ambiri amalemba “Exeunt”. “Exit” yemweyu ndi amene mumamuona pamwamba pa zitseko zotulukira.

Chachisanu, sungani “enter into” pa zinthu zosagwirika

“Enter into” sanafe. Anangosamuka pa malo n'kukakhazikika pa zinthu zomanga anthu awiri kapena magulu awiri: pangano, mgwirizano, zokambirana. “Enter into an agreement”, “enter into a contract”, “enter into negotiations”. Apa “into” ndi wofunika, ndipo mukamuchotsa chiganizo chimalemala. Mukasaina pepala la lendi kapena la ngongole mudzaona pamwamba mawu akuti “This agreement is entered into”, otsatiridwa ndi tsiku ndi mayina. Akutanthauza kuti pangano ili lachitika pa tsiku limeneli pakati pa anthu awa, ndipo kuyambira pamenepo likukumangani.

Pali “enter into force”, wonena za tsiku limene lamulo kapena pangano la mayiko layamba kugwira ntchito. Tsikuli limasiyana ndi losainira. Mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa wa AfCFTA unasainidwa ku Kigali pa 21 Malichi 2018, koma unayamba kugwira ntchito pa 30 Meyi 2019, mayiko okwanira atauvomereza. Tsiku lachiwirili ndilo la “entered into force”.

Womaliza ndi wa m'macheza: “Money doesn't enter into it.” Apa akuti nkhani ya ndalama sikukhudzana ndi zimene tikukambazi.

Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati chinthucho chili ndi khomo, geti kapena malire oti mungawaloze ndi chala, “into” asapezeke. Ngati ndi chosainirana kapena chokambirana, muikeni.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani ngati mneniyu sanakule msinkhu

Tibwerere kwa mtsikana wanga uja. Akanachotsa “in” n'kunena kuti “May I enter?” sakanalakwitsa malamulo a chilankhulo, koma zikanamvekabe zachilendo, ngati munthu amene wavala suti ndi tayi popita kudimba. Mwini Chingerezi akagogoda amati “May I come in?” ndipo wa m'nyumba amayankha kuti “Come in.” Ameneyu ndiye odi ndi lowani wawo.

Chifukwa chake ndi mzere wachiwiri uja munalemba m'kope. Chingerezi chili ndi mawu ambiri oyenda awiriawiri, lina la makolo a Chingerezi, lina lochokera ku Chifalansa: “begin” ndi “commence”, “buy” ndi “purchase”, “help” ndi “assist”, “go in” ndi “enter”. La makololo ndi la pakhomo ndi pamsika. Lobweralo ndi la pachikwangwani, m'lipoti la apolisi, m'kalata ya boma. Mlonda polemba lipoti la usiku angalembe kuti “Two men entered the warehouse at midnight”, koma pofotokozera mnzake m'mawa adzati “they got in through the window”.

Posankha pakati pa “come in” ndi “go in” tsatirani nzeru ya kubwera ndi kupita. Wolankhula akakhala m'kati, kapena mukamalankhula ndi munthu amene ali m'katimo, ndi “come in”. Nonse mukakhala panja, ndi “go in”. “Get in” ndi wa polowa movutikira, komanso wa galimoto yaing'ono. Basi, sitima ndi ndege amati “get on”, mofanana ndi ife amene timati kukwera. Ine ndimawalangiza ophunzira kuti polankhula aziyamba ndi aneni aafupiwa, ndipo “enter” azimusungira polemba zinthu za ntchito. Ena amaganiza kuti mawu olemera ndiwo amaonetsa kuphunzira, koma khutu la wodziwa limamva msanga mawu akakhala pamalo posayenera.

Chachisanu ndi chiwiri, musamasulire kulowa kulikonse ndi “enter”

Kulowa kwa Chichewa n'kotambalala kuposa “enter”. Tengani tsamba latsopano m'kope, lembani kumanzere ziganizo zonse za kulowa zimene mungakumbuke, ndipo kumanja muzilemba mmene Chingerezi chimanenera. Mudzadabwa kuti “enter” apezeka mochepa.

Dzuwa likalowa, Chingerezi chimati “the sun has set” kapena “gone down”. Salale ikalowa ndi “my salary has been paid” kapena “has come through”, ndipo “my salary has entered” ndi Chichewa chovala zilembo za Chingerezi. Kulowa m'malo mwa wina ndi “replace” kapena “take over from”, ndipo pa ufumu amati “succeed”. Kulowa m'ngongole ndi “get into debt”, kulowa m'mavuto ndi “get into trouble”. Bizinesi ikalowa pansi ndi “decline” kapena “go down”. Ndalama zikalowa m'madzi, iwo amangoti “lost” kapena “wasted”. Kulowa m'banja ndi “get married”. Wosewera mpira wolowa m'chigawo chachiwiri amati “came on”, ndipo mpira ukalowa muukonde amati “went in”. Kulowa pa Facebook kapena pa imelo ndi “log in” kapena “sign in”, ngakhale kuti potero mumachita “enter” nambala yanu yachinsinsi. Kulowerera nkhani za eni ndi “interfere”, pomwe kulowererapo pofuna kuthandiza ndi “intervene”.

Tsamba limeneli silitha. Muziwonjezera nthawi iliyonse mukadzimva mukunena kulowa kwa mtundu wina.

Chachisanu ndi chitatu, siyanitsani abale enieni ndi ongofanana nkhope

Ana enieni a “enter” ndi atatu: “entry”, “entrance” ndi “entrant”. “Entrance” kawirikawiri ndi khomo lenilenilo, malo olowera. “Entry” ndi mchitidwe wa kulowa, chilolezo cholowera, kapena chinthu cholembedwa m'buku. N'chifukwa chake chikwangwani chofiira chamsewu chimati “No entry”, viza imakhala ya “single entry” kapena “multiple entry” potengera kuti mungalowe nayo kangati, ndipo zipata monga Mwanza, Dedza, Songwe, Beitbridge ndi bwalo la ndege la ku Chileka zimatchedwa “ports of entry”. Pa ndalama yolowera, onse awiri “entry fee” ndi “entrance fee” amamveka.

“Entertain” ndi “enterprise” amayamba ndi zilembo zomwezo koma si ana ake. Iwo anachokera ku Chifalansa “entre”, kutanthauza pakati, kuphatikiza aneni ena otanthauza kugwira ndi kutenga. “Enteritis” wa kuchipatala, amene mumamumva mu “gastroenteritis”, ndi wa ku Chigiriki “enteron”, matumbo. Palinso mneni “entrance” wolembedwa chimodzimodzi ndi khomo lija koma wotchulidwa motsindika phatikizo lachiwiri. Iyeyu anachokera ku “trance”, ndipo amanena za kugwidwa mtima ndi chinthu chokongola mpaka kuiwala zonse.

Koma woopsa kwambiri ndi “inter”. Zaka zingapo zapitazo tili pamaliro a m'bale wanga, tinatumiza ndondomeko ya mwambo kuti akatitayipire pakashopu kena m'tauni, ndipo mawu ake tinachita kuwerengera wotayipayo pafoni. Mapepala atafika, kutatsala maola ochepa kuti mwambo uyambe, tinapeza alemba kuti malemuwo “will be entered”. Tinatenga zolembera ndi kukonza pepala lililonse pamanja, tili pamphasa kuseri kwa nyumba ya siwa. Mawu oyenera anali “interred”. “Inter” ndi kuika maliro, ndipo anachokera ku Chilatini “in” ndi “terra”, kutanthauza m'nthaka. Odziwa Chipwitikizi amuzindikira mu “enterrar”. M'kamwa mwathu aneni awiriwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi, choncho ngati mukukayika lembani “buried” kapena “laid to rest”.

Chachisanu ndi chinayi, konzani katchulidwe ndi kalembedwe

“Enter” amatsindikidwa paphatikizo loyamba, “inter” palachiwiri, ndipo kalembedwe kamatsata pomwepo. Mneni wotsindikidwa kumapeto amawirikiza r: “interred”, “preferred”, “referred”. Wotsindikidwa koyambirira sawirikiza: “entered”, “entering”, “offered”, “suffered”. Mu “entry”, “entrance” ndi “entrant” e wachiwiri amagwa, choncho “enterance” ndi kulakwitsa, ngakhale mumuone pazikwangwani zingati. Ndipo ngakhale ku Britain amalemba “centre” ndi “metre” pomwe ku America amalemba “center” ndi “meter”, “enter” amalembedwa chimodzimodzi konsekonse.

Chakhumi, dziyeseni

Kwa sabata imodzi, tsiku lililonse pezani “enter” asanu m'nyuzipepala, pafoni kapena pazikwangwani. Koperani chiganizo chonse, osati mawu okhawo. Pansi pake yankhani mafunso atatu: akulowa kapena akulowetsa, chatsatira mneni n'chiyani, ndipo munthu wocheza ndi mnzake akananena bwanji. Kenako masulirani chiganizocho m'Chichewa chimene mungalankhule kwa amayi anu osachita manyazi.

Yambani ndi ziganizo zisanu izi, ndipo muphimbe ndime yotsatirayo mpaka mutamaliza. “The thief entered into the shop at night.” “The two companies entered an agreement.” “Please enter, the tea is ready.” “He enterred the marks in the register.” “The sun had entered when we arrived.”

M'choyamba chotsani “into”, chifukwa shopu ili ndi khomo. M'chachiwiri muikeni, chifukwa pangano ndi losainirana. Chachitatu chilibe cholakwa cha malamulo, koma woitanira mlendo ku tiyi amati “Please come in”. M'chachinayi “in” ali bwino chifukwa malikisi akulembedwa m'kaundula, cholakwika ndi r wowirikiza. M'chachisanu “enter” achokeretu, mulembe “had set”.